Masiku 51 a ku Waco: Mbiri ya David Koresh ndi Moto wa pa Mount Carmel

Kunja kwa mzinda wa Waco, m'chigawo cha Texas ku America, kuli kamtunda kamene okhulupirira ena anakatcha Mount Carmel, potengera phiri lija pamene Eliya anapikisana ndi aneneri a Baala; ndipo ndi pamenepa pamene, pa 19 April 1993, anthu 76 anafera m'nyumba yoyaka moto, dziko lonse likupenya pa wailesi yakanema.

Muzu wa nkhaniyi ndi Victor Houteff, mbadwa ya ku Bulgaria, amene atachotsedwa mu mpingo wa Seventh-day Adventist anasonkhanitsa omutsata ku Waco mu 1935. Iye atamwalira, mkazi wake analosera kuti ufumu udzafika mu April 1959, ndipo tsikulo litadutsa ngati masiku ena onse, nkhosa zinabalalika, zotsala zinagwa m'manja mwa banja la Roden, limene linazitcha Branch Davidians.

M'chaka chomwecho cha ulosi wolephera munabadwa Vernon Howell ku Houston, mwana wa mtsikana wamng'ono, wovutika ndi sukulu koma woloweza Malemba modabwitsa. Anafika pa Mount Carmel mu 1981 ali ndi gitala m'manja, napeza chisomo pamaso pa Lois Roden, mayi wokalamba amene anali kutsogolera gululo. Mwana wa mayiyo, George, poona kuti mpando ukumupulumuka, anafukula mtembo pamanda nauza Howell kuti amene auukitse ndiye mneneri weniweni. Mkanganowo unathera pa kuomberana mfuti mu 1987, bwalo la milandu silinamupeze Howell wolakwa, ndipo malowo anakhala ake. Mu 1990 anadzitcha David Koresh, kuphatikiza dzina la mfumu Davide ndi la Koresi wa ku Perisiya, naphunzitsa kuti iye yekha ndiye wopatsidwa mphamvu yomasula zizindikiro zisanu ndi ziwiri za m'buku la Chivumbulutso. Apa tisabise mawu: munthuyu analanda akazi a omutsata, nakwatiranso ana aakazi osakhwima, zonse m'dzina la Mulungu, uku akuunjika mfuti poyembekezera nkhondo ndi Babulo.

Mfutizo ndizo zinaitana boma. Pa 28 February 1993 asilikali a nthambi ya boma ya ATF anabwera m'ngolo zonyamulira ng'ombe kudzamugwira modzidzimutsa, koma chinsinsi chinali chitaululika kale, pakuti mtolankhani wina wosokera anafunsa njira kwa wopereka makalata amene anali mlamu wake wa Koresh. Akuluakulu anauzidwa zimenezi, komabe analamula kuti ntchito ipitirire. Anafa asilikali anayi ndi a mpingowo asanu ndi mmodzi.

Pamenepo apolisi a FBI anazinga nyumbayo masiku 51. Ena a iwo anali kukambirana ndi Koresh pa foni usiku ndi usana, ndipo anthu 35 anatuluka, 21 mwa iwo ali ana. Koma anzawo panja anali kudula magetsi, kuphwanya magalimoto ndi akasinja, ndi kuliza pa zokuzira mawu kulira kwa akalulu ophedwa kuti am'katimo asagone. Makolo athu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma boma silinazindikire kuti kasinja aliyense woyandikira khoma anali kuchitira umboni ulosi wa Koresh pamaso pa omutsata, amene anaphunzitsidwa zaka zambiri kuti Babulo adzabwera motero. Akatswiri awiri a Baibulo, James Tabor ndi Phillip Arnold, anayesa kumuyankha ndi Malemba omwewo, ndipo pa 14 April iye analonjeza kutuluka akamaliza kulemba tanthauzo la zizindikiro zija. A FBI, amene anali atanamizidwapo kale, sanamukhulupirire.

Janet Reno, mkulu woona za malamulo m'boma la Bill Clinton, anavomereza kuti aponye utsi wokhetsa misozi. Mbandakucha wa pa 19 April akasinja anaboola makoma. Pofika masana moto unabuka, mphepo niukoleza, ndipo anapulumuka anthu asanu ndi anayi okha. Mwa akufawo munali ana oposa 20, ndi Koresh mwini, wa zaka 33, ali ndi bala la chipolopolo pamutu. Kafukufuku wa John Danforth mu 2000 anapeza kuti motowo anauyatsa ndi am'katimo, ngakhale opulumuka ena amatsutsa mpaka lero. Pa 19 April 1995, Timothy McVeigh, pofuna kulipsira za ku Waco, anaphulitsa nyumba ya boma ku Oklahoma City, napha anthu 168.