A Orton Chirwa ndi malire athu ano

Sabata yatha ndinafunsa ana anga a Fomu 4 kuti anayambitsa Malawi Congress Party ndani. Onse pamodzi: "Kamuzu!" Ndinangoti kakasi. Aphunzitsi anzanga, ntchito tili nayo.

Chipanichi anachiyambitsa ndi a Orton Chirwa ndi anzawo mu 1959, Kamuzu ali m'ndende ku Gwelo. A Chirwa anali a ku Nkhata Bay, loya wophunzira ku London. Kamuzu atatuluka mu Epulo 1960, iwo anamusiyira mpando. Analowa m'nyumba ya malamulo pa chisankho cha 1961, ndipo pomwe tinkalandira ufulu mu 1964 anali nduna ya zachilungamo. Sizinakhalitse. Mu Seputembala chaka chomwecho nduna zinasemphana ndi Kamuzu, a Chirwa anachotsedwa, nathawira ku Tanzania.

Tsono nkhaniyi imafika kwathu kuno. Pa 24 Disembala 1981, a Chirwa, akazi awo a Vera ndi mwana wawo anagwidwa. Boma linati anawapeza atalowa m'boma la Mchinji. Eni akewo ankati anachita kubedwa ali mbali ya Zambia, cha ku Chipata. Inu amene munakulira kuno mukudziwa mmene malire athu alili: munda uku Malawi, dimba uko Zambia, maliro timalira limodzi. Koma pa mlanduwu funso loti anawagwirira mbali iti linali lalikulu, chifukwa apolisi athu analibe mphamvu yogwira munthu m'dziko la eni.

Chimene chimandiwawa ndi khoti lake. Mu 1962 a Chirwa ndiwo anatsogolera ntchito yokonza makhoti a m'midzi. Mu 1969 boma linawapatsa makhotiwo mphamvu yoweruza milandu ikuluikulu, ndipo loya sankaloledwa kuimira munthu. Kumeneko ndi kumene anawatengera iwo ndi a Vera, onse awiri maloya, pa mlandu woukira boma. Mu 1983 anawagamula kuti aphedwe. Mayiko akunja atadandaula, mu 1984 chilango chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse.

A Chirwa anamwalirira m'ndende ya Zomba pa 20 Okutobala 1992, ali ndi zaka 73. A Vera anatuluka mu Januwale 1993, riferendamu n'kuchitika pa 14 Juni.

Ana aja ndawatuma akafunse agogo awo zimene zinkanong'onedwa kuno pa Khirisimasi ya 1981. Abweretsa Lolemba.