Pamene a ku Angonia anagona m'makhitchini mwathu

Anzanga aphunzitsi ndi inu ana anga akale, sabata yatha ndinauza a Fomu 3 kuti pofika 1992 Malawi inkasunga anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique oposa 1 miliyoni. Mnyamata wina anaseka: "Aphunzitsi, anakwana kuti onsewo?" Ndinamuuza akafunse agogo ake.

Ine ndinali kamnyamata kuno ku Nzama pamene nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inafika povuta mu 1986. Anthu ankatulukira m'mamawa, mitolo pamutu, ena akukusa mbuzi. Kumadera monga Nsanje ambiri anaikidwa m'makampu, koma kuno ku Ntcheu ndi ku Dedza ochuluka analowa m'midzi. Chifukwa chake n'chosavuta. Angoni a Maseko anakhalapo ku Domwe, ku Angonia komweko, ndipo malire a atsamunda anangodula pakati pa abale. Wobwerayo anali malume, mlamu, kapena wa mfunda umodzi ndi iwe. Nyakwawa inkaloza malo omanga kanyumba. Kwathu tinapereka khitchini kwa banja la anthu asanu ndi mmodzi, mayi n'kumaphikira pabwalo.

Sindikunena kuti zonse zinali bwino. Mitengo inatha m'mapiri. Ufa, nyemba ndi mafuta zachithandizo zikabwera, eni mudzi ena ankadandaula kuti mlendo akudya bwino kuposa womusunga. Komabe ana awo tinkakhala nawo pansi m'kalasi imodzi, ndipo mnzanga wina wa kutsidyako ndiye ankatiposa tonse masamu. Mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ambiri anabwerera, ena okwatira kuno anatsala.

Chimene chimandivuta n'chakuti boma linasankha njira ina. Povomereza pangano la United Nations la 1951 lokhudza othawa kwawo, Malawi inakana kulonjeza ufulu wonse woyenda ndi wogwira ntchito. Mu 1994 linatsegula kampu ya Dzaleka ku Dowa, pamalo pamene kale panali ndende ya andale. Malo oyenera anthu pafupifupi 12,000 anadzafika posunga oposa 50,000, ambiri a ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Mu 2023 apolisi ndi asilikali anagwira amene ankachita malonda m'matauni n'kuwabwezera kukampuko, ena mwa iwo ana obadwira konkuno amene amalankhula Chichewa ngati inu ndi ine.

Mnyamata uja anabwera Lolemba. Akuti agogo ake aakazi anamuuza kuti iwo ndiwo anali alendowo.