Mabuku Amene Analera Ana a ku America Pakhomo

Angelezi atakhazikika ku Massachusetts, sukulu yoyamba ya mwana inali m'nyumba mwa makolo ake. Lamulo la mu 1642 linkakakamiza makolo kuphunzitsa ana kuwerenga kuti adziwe chipembedzo ndi malamulo a dzikolo. Mwana ankayambira pa kathabwa kokhala ndi chogwirira. Pakathabwapo ankamatapo pepala la zilembo ndi Pemphero la Ambuye, n'kuliphimba ndi nyanga ya ng'ombe yopalidwa mpaka kuonekera, kuti tizala tothimbirira tisaling'ambe. Akazidziwa zilembo, ankamupatsa The New England Primer, buku limene Benjamin Harris anasindikiza ku Boston cha m'ma 1690, kenako Masalimo ndi Baibulo lonse.

Dziko la America litalandira ufulu, cholinga chinasintha. Noah Webster anatulutsa buku la kalembedwe ka mawu mu 1783, pofuna kuti ana aziphunzira m'mabuku a kwawo, osati a ku London. Mabanja a kumidzi ankawerenga chilichonse chimene chapezeka. Abraham Lincoln, amene masiku ake onse a kusukulu sanakwane chaka, anakula ndi Baibulo, nthano za Aesop, The Pilgrim's Progress ndi mbiri ya George Washington yolembedwa ndi Mason Weems, zina mwa izo zobwereka kwa anansi.

Koma mwayiwu sunali wa aliyense. Ku South Carolina, lamulo la mu 1740 linkaletsa kuphunzitsa akapolo kulemba. Frederick Douglass, yemwe anali kapolo, anayamba kuphunzira zilembo ku Baltimore ndi mkazi wa mbuye wake, mwamunayo n'kuletsa. Mnyamatayo anapitiriza mobisa, akupatsa buledi ana achizungu a mumsewu kuti amuphunzitse.

Massachusetts inalamula kuti ana onse azipita kusukulu mu 1852, ndipo Mississippi inali yomaliza kutero mu 1918. Maphunziro a pakhomo anazilala mpaka m'ma 1970, pamene John Holt ndi Raymond Moore anawadzutsanso. Pofika 1993 anali ololedwa m'zigawo zonse 50.

Kholo la lero lophunzitsa mbiri ya makedzanayi limatha kuika pa tebulo limodzi zolemba za William Bradford, makalata a Abigail Adams, buku la Douglass ndi nkhani za Awampanoag, eni nthaka amene anakumana ndi Angelezi ku Plymouth. Mwana wa mu 1690 ankaloweza yankho limodzi la katekisimu. Wa lero amayenera kufunsa kuti analemba ndani, ndipo ndani analetsedwa kugwira cholembera.