Chiphaso chokokera kalavani yolemera ku United States

Chiphaso chokokera kalavani yolemera ndi chilolezo chimene zigawo zina za dziko la United States zimafuna kuti munthu akhale nacho asanakoke kalavani yaikulu pamsewu. Kalavani ndi ngolo yomangidwa ngati nyumba, yokhala ndi bedi, khitchini ndi bafa, yomwe mabanja amayenda nayo patchuthi ndipo ena amakhaliramo akapuma pantchito. Makalavani akuluakulu amakokedwa ndi pikiapu yamphamvu kapena thiraki. Pankhaniyi palibe lamulo limodzi la dziko lonse. Chigawo chilichonse chili ndi malamulo ake, moti galimoto ndi kalavani zomwezo zikhoza kufuna mayeso apadera ku Texas koma osafuna kalikonse ku Florida.

Lamulo la boma lalikulu

M'chaka cha 1986 nyumba ya malamulo ya dzikolo inakhazikitsa lamulo la Commercial Motor Vehicle Safety Act, lomwe linabweretsa chiphaso cha madalaivala a magalimoto akuluakulu amalonda chotchedwa CDL. Kuyambira pa 1 Epulo 1992, dalaivala aliyense wa galimoto yotere anayenera kukhala nacho. Gulu lapamwamba la chiphasochi, Class A, limafunika pamene galimoto ndi ngolo yake pamodzi zifika mapaundi 26,001 (makilogalamu 11,794) kapena kuposa, ndipo ngoloyo payokha ikuposa mapaundi 10,000 (makilogalamu 4,536).

Lamuloli limakhudza magalimoto ogwira ntchito zamalonda okha. Munthu wokoka kalavani yake popita kokasangalala ndi banja lake salowamo, ngakhale kalavaniyo italemera chotani, ndipo nkhani yake inasiyidwa m'manja mwa zigawo. Koma amene akulipidwa kuti akatule kalavani yomweyo kwa woigula ali pantchito yamalonda, choncho amafunika CDL ngati kulemera kwafika pa malire aja.

Kulemera komwe kumawerengedwa

Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Lamulo limayang'ana nambala yomwe kampani yopanga inalemba pa kachikwangwani ka pakhomo la galimoto kapena m'mbali mwa kalavani. Nambalayi, yotchedwa GVWR, ndi kulemera komaliza komwe galimoto kapena ngolo ikuloledwa kufika itadzaza anthu, madzi ndi katundu. Kalavani yolembedwa mapaundi 13,000 imawerengedwa choncho ngakhale ikuyenda yopanda kanthu, ndipo mwini wake sangadziteteze ponena kuti sananyamule katundu tsikulo.

Mwachitsanzo, pikiapu ya Ford F-350 ya matayala anayi kumbuyo imalembedwa mapaundi 14,000. Ikakoka kalavani ya mapaundi 13,000, zonse pamodzi zimakwana mapaundi 27,000, pafupifupi makilogalamu 12,250, zomwe zadutsa kale malire a 26,001. Ichi si chinthu chosowa pamisewu ya kumeneko, ndipo sichioneka ngati thiraki yamalonda n'komwe. N'chifukwa chake eni ake ena amadzazindikira za chiphaso atagula kale.

Kusiyana kwa zigawo

Texas imagwiritsa ntchito malire omwewo a boma lalikulu. Mwini pikiapu ndi kalavani za m'chitsanzo chija ayenera kutenga chiphaso cha Class A chosakhala chamalonda, atalemba mayeso a papepala ndi kuyesedwa pamsewu akukoka ngolo. Pennsylvania nayo ili ndi dongosolo lofanana ndi limeneli.

California imayang'ana kalavani yokha, ndipo imasiyanitsa mitundu iwiri. Kalavani wamba, yokoledwa pa chitsulo cha kumbuyo kwenikweni kwa galimoto, ikaposa mapaundi 10,000 imafuna Class A chosakhala chamalonda. Mtundu wina ndi wotchedwa fifth wheel, womwe kutsogolo kwake kumakwera pamwamba pa pikiapu n'kukoledwa pamwamba pa matayala akumbuyo, ngati momwe amachitira mathiraki akuluakulu. Kakoledwe kameneka kamachepetsa kupenduka kwa ngolo kukawomba mphepo, ndipo lamulo limapatsa mtunduwu malire okulirapo: Class A imafunika kalavani ikaposa mapaundi 15,000 (makilogalamu 6,804). Pakati pa 10,001 ndi 15,000, mwini wake amangolemba mayeso a papepala n'kuwonjezeredwa chilolezo pa chiphaso chake wamba. Choncho fifth wheel ya mapaundi 13,000 yomwe ku Texas imafuna mayeso a pamsewu, ku California imangofuna cholembera.

Florida ndi zigawo zina zambiri sizifuna china chilichonse kupatula chiphaso wamba cha galimoto yaing'ono. Michigan ili ndi chilolezo chapadera cha chilembo R kwa wokoka ngolo ziwiri motsatizana, monga fifth wheel yokhala ndi ngolo ya boti kumbuyo kwake.

Eni makalavani olemera kwambiri ena amagula mitu ya mathiraki akale amalonda, monga a Volvo kapena Freightliner, n'kuikonza kuti ikokere nyumba zawo zoyendazi, chifukwa mabuleki ake ndi amphamvu kuposa a pikiapu potsika mapiri. Malinga ngati sakuchitira malonda, chiphaso chimene amafunika chimadalirabe chigawo chomwe akukhala.

Kudutsa malire a zigawo

Chiphaso chovomerezeka kwawo kwa munthu chimalemekezedwa m'zigawo zina. Wokhala ku Florida akhoza kudutsa mu Texas ndi chiphaso chake wamba akukoka kalavani yomwe mnzake wa ku Texas sangakoke popanda Class A. Kulemekezanaku kumathera pa chiphaso. Malamulo a liwiro, kutalika kwa galimoto ndi ngolo, komanso kukoka ngolo ziwiri amatsata msewu womwe munthu ali. Ku California, galimoto iliyonse yokoka ngolo siloledwa kuposa mamailosi 55 pa ola, pafupifupi makilomita 88, posatengera komwe yachokera. Wopezeka akukoka kalavani yoposa gulu la chiphaso chake amaimbidwa mlandu woyendetsa popanda chiphaso choyenera ndipo akhoza kulipitsidwa chindapusa.

M'mayiko ena

Ku South Africa lamulo ndi limodzi dziko lonse. Chiphaso cha B chimalola galimoto yosaposa makilogalamu 3,500 kukoka ngolo yosaposa makilogalamu 750, ndipo ngolo yolemera kuposa apo imafuna EB. Ku England, Scotland ndi Wales, kuyambira pa 16 Disembala 2021 mwini chiphaso cha galimoto yaing'ono amaloledwa kukoka ngolo yofika makilogalamu 3,500 popanda mayeso ena. Makalavani ambiri a fifth wheel a ku United States amaposa malire amenewa.