Mmene ukwati wa mkazi mmodzi unafikira kwathu ku Nsipe

Adzukulu anga, inu mwabadwa maukwati akudalitsidwa kale m'tchalitchi, ndiye mumayesa zinali choncho chiyambire. Ayi ndithu. Makolo athu Angoni a kwa Gomani ankakwatira mitala, makamaka mafumu, nduna ndi eni ng'ombe. Mkazi aliyense anali ndi nyumba yake ndi nkhokwe yake, ndipo wamkulu ulemu wake sunkasowa. Wamng'ono sankabwera mozemba. Ankhoswe ankakhalirana pansi dzuwa likuswa mtengo, mudzi wonse n'kudziwa.

Mu 1896 azungu anapha Inkosi Gomani woyamba. Mu 1901 ansembe a Montfort anakhazikika ku Nzama, ndipo m'kupita kwa zaka mishoni inafika kuno ku Nsipe. Anadza ndi sukulu, anadza ndi mankhwala, anadzanso ndi lamulo lolimba: wofuna ubatizo atsale ndi mkazi mmodzi, woyamba uja.

Apa m'pamene panagwa misozi. Agogo anga ankasimba za amayi amene anasudzulidwa opanda mlandu, atalima, atabereka, atasamala apongozi. Kumene kunali chikamwini, mayi ankatsala pamudzi pawo ndi ana, bambo n'kungoleka kubwera. Wa chitengwa ndiye ankasenza mtolo kubwerera kwa alongo ake, mutu uli pansi. Abambo ena anakanitsitsa, amvekere sangataye mayi wa ana awo. Ankapemphera nawo osabatizidwa mpaka imvi mbuu, ena n'kudzabatizidwa ali kayakaya pamphasa. Ine sindiwaweruza anthu amenewo, ndipo amayi aja ndimawamvera chisoni mpaka lero.

Komatu musamati kukhulupirika kunabwera ndi ansembe. Ngakhale pamitala, kuyenda ndi mkazi wa mwini unali mlandu wa pabwalo, munthu ankalipa. Mkazi akakhala ndi pakati kapena mwana wakhanda, bambo ankadzisunga poopa mdulo, ndipo mwana akatupa azakhali ankayamba kufunsa mwamunayo kumene wapondako. Chimene chinadzagwedeza mabanja kwambiri ndi ulendo wa ku Joni ndi ku Halale. Anyamata ankakwera ya Wenela, ena n'kutchona, kukwatira komweko, kuno mkazi akudikira ndi mphete, mpingo osamulola kukwatiwanso mwamuna wake ali moyo.

Lamulo la maukwati la 2015 silinatseke mitala ya pachikhalidwe, koma womanga ukwati wa kuboma saloledwa kutenga wachiwiri. Chimene chimandipweteka ine ndi ichi: lero munthu alumbira pa guwa kuti mkazi ndi mmodzi, chonsecho wina amubisa ku Ntcheu boma, wina ku Balaka, ana n'kudzaonekera pa maliro. Ankhoswe sawadziwa, munda alibe, ndipo matenda aja tonse tinaona mmene anatithera.

Iwe amene wakonza zopereka mphete chaka chino, ngati pali wina kumbali, kawauze ankhoswe ako tsiku lisanafike.