DERA LA PHUNGU LOPANDA MUDZI: ZISANKHO ZA YUNIVESITE YA OXFORD

Tsiku lina madzulo tili pa mzere wa chakudya, mnzanga wina wa chaka chachinayi anati: "Si zoona kuti voti yanga, ine woti ndatha mabuku, izilingana ndi ya munthu wosatha kulemba dzina lake. Ophunzirafe azitipatsa mavoti aŵiri." Ambiri tinaseka, koma ndinaona ena akugwedeza mitu movomereza. Pa tsikulo ndinasoŵa chomuyankha. Yankho ndakalipeza ku Mangalande, kumene maganizo a mnzangayo anayesedwa kwa zaka zoposa 300.

Mfumu James I atangoloŵa ufumu wa England m'chaka cha 1603, anapatsa mayunivesite a Oxford ndi Cambridge ufulu wotumiza aphungu aŵiriaŵiri ku Nyumba ya Malamulo. Pano ndikamba za Oxford yokha. Dera limeneli linali lachilendo ndithu, pakuti linalibe mudzi, msika kapena malire. Mzinda wa Oxford unali ndi aphungu akeake. Oponya voti m'dera la yunivesite anali okhawo a digiri ya M.A. kapena yoposerapo, kulikonse kumene amakhala. Ndipo amene anali ndi voti kwawo amavotanso kumeneko. Ambiri mwa iwo anali abusa a Mpingo wa Angilikani, obalalika m'maparishi a kumidzi, popeza kufikira 1871 munthu wa mpingo wina sakadaloŵa m'gulu limeneli. Ophunzira a msinkhu wathuwu, osatsiriza maphunziro, analibe voti konse. (Mnzanga uja aimvetse bwino mfundo imeneyi.)

Funso langa n'lakuti: kodi anthu ophunzira chotereŵa anasankha bwanji?

Tiyambe ndi Robert Peel, amene anakhoza mayeso ake ku Christ Church mwapamwamba zedi, nasankhidwa kukhala phungu wa yunivesite mu 1817. Abusa aja anamkonda chifukwa chimodzi chachikulu: amakana kuti Akatolika aziloledwa kukhala aphungu. Koma mu 1828 Daniel O'Connell, Mkatolika, anapambana chisankho ku County Clare m'dziko la Ireland, ndipo lamulo linamletsa kukhala pa mpando umene anthu anampatsa. Ireland anatentha. Peel, amene panthaŵiyo anali Nduna ya za M'dziko m'boma la Duke of Wellington, anaona kuti kuumirira kukanabala nkhondo yapachiŵeniŵeni, ndipo anasintha maganizo. Apa anachita chinthu chimene andale ambiri sachita. Popeza anamsankha pa mfundo imene tsopano anaitaya, anatula pansi uphungu wake naimanso, kuti omsankhawo anene okha.

Ananenadi. Masiku amenewo woponya voti amayenera kufika yekha ku Oxford, tsono mu February 1829 abusa anakhamukira kumeneko pa ngolo za akavalo. Sir Robert Inglis anapeza mavoti 755, Peel 609. Kuti abwererenso ku Nyumba ya Malamulo, Peel anachita kupatsidwa Westbury, kadera kamene kanali m'thumba mwa munthu mmodzi wachuma. Lamulo lomasula Akatolika linapita mu April chaka chomwecho, Peel anadzakhala Nduna Yaikulu kaŵiri, ndipo Oxford inakhala ndi Inglis wakeyo mpaka 1854, akutsutsanso zoti Ayuda akhale aphungu.

Wina anganene kuti kulakwa kamodzi si mlandu. Chabwino. Mu 1847 yunivesite inasankha William Gladstone, nayenso mwana wa Christ Church, wokhoza mayeso monga Peel, ndiponso Mwangilikani wopemphera kwambiri. Anakhala phungu wawo zaka 18, akumkoka malaya pafupifupi pa chisankho chilichonse. Mu 1864 analankhula mokomera zoti anthu wamba ogwira ntchito apatsidwe voti. Chaka chotsatira anasonyeza kuti sakondwa ndi mpando wapamwamba wa Mpingo wa Angilikani ku Ireland, kumene unali mpingo wa boma chonsecho anthu ochuluka anali Akatolika. Abusa anati kwatha.

Chimene chinammaliza chinali positi. Lamulo la 1861 linalola ovota a mayunivesite kutumiza mavoti awo pa pepala osayenda ulendo, kotero m'busa wokalamba wa kutali, amene kale akanachita ulesi kukwera sitima, tsopano anangosaina ali m'nyumba mwake. Pa chisankho cha 1865 Sir William Heathcote anapeza 3,236, Gathorne Hardy 1,904, ndipo Gladstone 1,724. Anagwa ndi mavoti 180. Aphunzitsi ambiri okhala pa yunivesite penipenipo anali kumbali yake. Anamgwetsa ndi aja anachokapo kale, amene maphunziro awo anaima pa tsiku lolandira digiri. Mfundo imeneyi imandiopsa koposa zonse, chifukwa nafenso tidzachoka pano. Gladstone anathamangira ku South Lancashire, nauza khamu la ku Manchester kuti wafika pakati pawo pakamwa pake patamasulidwa. Anapambana kumeneko, ndipo kuyambira 1868 anakhala Nduna Yaikulu kanayi.

Zaka 70 zotsatira palibe zambiri zokamba: mipando yonse iŵiri inali ya chipani cha Conservative ndi ogwirizana nacho. Mu 1918 voti inafika kwa onse a digiri, ndipo kavotedwe kanasintha, munthu n'kumandandalika oimawo monga mwa kukonda kwake.

Ndisamphere mnzanga ufulu. Kumapetoko Oxford inachita chanzeru. Mu 1935 inasankha A. P. Herbert, mlembi wa nkhani zoseketsa, woima payekha. Iyeyu ndiye anakankha lamulo la 1937 limene linalola kuthetsa ukwati pa zifukwa zina kupatula chigololo, monga nkhanza, kuthaŵidwa kwa zaka zitatu, ndi misala yosachizika. Zipani zikuluzikulu zimaopa kuigwira nkhaniyi. Mu 1937 Arthur Salter, nayenso woima payekha, anatenga mpando winawo. Koma taonani kuti izi zinachitika voti itafalikira kwa ambiri, osati ili m'manja mwa ochepa aja.

Boma la Labour la Clement Attlee linathetsa mipando yonse 12 ya mayunivesite ndi lamulo la 1948, ponena kuti munthu mmodzi akhale ndi voti imodzi. Pa chisankho cha February 1950 dera la Oxford University kunalibenso. A Conservative analonjeza kulibwezeretsa, koma atatenga boma mu 1951 sanatero.

Patangopita zaka 11 chithetsereni zimenezi kwawo, Angerezi omwewo anatikonzera chisankho cha August 1961 kuno ku Nyasaland ndi mabuku aŵiri a ovota: buku lapamwamba, lofuna chuma ndi maphunziro ochulukirapo, la mipando 8, ndi buku lapansi la mipando 20. Mnzanga uja akapita ku tchuthi akafunse agogo ake kuti analembedwa m'buku liti, ngati analembedwa n'komwe.