Madeya mu fidi wa mabuloila: mukupulumutsadi ndalama?

Chaka chatha ndinaweta mabuloila 50 kuseli kwa nyumba ya ankolo ku Bangwe. Ndalama zitandithera pa sabata yachitatu, ndinayamba kusakaniza fidi ndi madeya a kuchigayo, theka ndi theka. Nkhuku zimadya osapuma, koma pa masabata 6 zambiri zinali zisanafike kilogalamu imodzi ndi theka. Mayi wina wogula ananyamula imodzi n'kuibweza pansi: "Izitu ndi nthenga zokhazokha, achimwene."

Nachi chomwe chinachitika. Mphamvu mu fidi imachokera makamaka ku chimanga ndi mafuta, pomwe soya amapereka zomanga thupi. Fidi woyamba wa anapiye, starter, amakhala ndi makilokalori pafupifupi 3,000 pa kilogalamu, ndipo finisher amafika cha m'ma 3,200. Ndi chakudya chotere, nkhuku za mtundu wa Cobb 500 kapena Ross 308 zimafika makilogalamu awiri pa masabata 5 kapena 6.

Nkhuku imadya kuti ipeze mphamvu yokwanira. Mphamvu ikachepa, imadya zambiri, koma chithokomiro ndi matumbo zili ndi malire. Madeya ali ndi zotsalira zambiri zosagayika, ndiye mimba imadzadza thupi lisanapeze zomwe likufuna. Mphamvu yochepayo imathera kupuma, kuyenda ndi kufunditsa thupi. Yokulira imatsala pang'ono. Madeya amachepetsanso zomanga thupi mu fidi, n'chifukwa chake chidali chimaphwa. M'nyengo yotentha ya Okutobala vuto limakula, poti nkhuku zimadya pang'ono kale.

Komatu kuchepetsa chakudya mwadongosolo n'kwina. Buloila akamakula mothamanga kwambiri, mtima ndi miyendo zimalephera: madzi amadzadza m'mimba, ena amapunduka, ena amangofa mwadzidzidzi. Alimi ena amachotsa fidi kwa maola ochepa patsiku cha m'sabata yachiwiri, kenako n'kubwerera ku chakudya chokwanira, ndipo nkhuku zimabwezeretsa thupi. Chinsinsi n'chakuti kuchepetsako n'kwa masiku owerengeka, fidi wake ndi wosasakaniza, ndipo madzi sachoka m'khola.

Ndikudziwa, chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba la fidi likuwawa. Koma buloila amafuna makilogalamu 3 ndi theka mpaka 4 kuti afike pogulitsidwa. Werengerani musanagule anapiye. Ngati thumba lanu likukwana nkhuku 25, musatenge 50. Ine ndinaziweta masabata ena awiri, ndipo phindu lonse linathera m'khola momwemo.